Chilengedwe ndi Kusakhalitsa kwa Zinthu m'Ndakatulo za Haiku

Zolinga za mutuwu

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha:

1. kufotokoza maonekedwe a ndakatulo ya haiku
2. kutchula alakatuli ena otchuka a haiku ndi nthawi imene adakhala ndi moyo
3. kulongosola momwe mlakatuli amagwiritsira ntchito chilengedwe poonetsa kuti zinthu sizikhalitsa
4. kupeka ndakatulo yaifupi pogwiritsa ntchito zinthu za m'dera lanu

Mawu otsogolera

Ngati mudakulira m'mbali mwa nyanja ku Salima, mumatha kudziwa nyengo imene tili osayang'ana pa kalendala. Mukaona mabwato ali mbwee pamchenga ku Senga Bay, mafunde akuswa thovu ndipo asodzi akungosoka maukonde pamthunzi, mumadziwa kuti mwera wafika; mwina ndi Juni kapena Julayi. Mukamva nyenje zikulira masana dzuwa lili phwee, mumadziwa kuti tili m'chilimwe ndipo mvula yayandikira. Mukaona ana akuthamanga ndi mabeseni kupita pachulu madzulo, simufunsa, ngumbi zatuluka.

Zinthu zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: zimabwera, zimakhala kanthawi, kenaka zimapita. Alakatuli a dziko la Japan adaona khalidwe lomweli m'chilengedwe cha kwawo ndipo adamangapo mtundu wa ndakatulo wotchedwa haiku. Haiku si ndakatulo ya Chichewa, koma tikuiphunzira chifukwa imaonetsa poyera luso limene limavuta ophunzira ambiri, luso lomva zimene mlakatuli akunena pamene iye wangotchula mtengo, mbalame kapena mphepo.

Kodi haiku n'chiyani?

Haiku ndi ndakatulo yaifupi kwambiri. Ili ndi maphatikizo 17 okha, ogawidwa patatu: 5, 7 ndi 5. M'ziyankhulo zina amailemba m'mizere itatu. Pachiyambi sidali ndakatulo yoima payokha. Idali ndime yotsegulira ndakatulo yaitali yotchedwa renga, imene alakatuli angapo ankapeka molandizana atakhala pamodzi, monga momwe ife timalandizirana nyimbo pamtondo. Ndime yotsegulirayo inkatchedwa hokku, ndipo ntchito yake idali kutchula nyengo ndi malo amene alakatuliwo akumanirana. Patapita nthawi anthu adayamba kuikonda payokha. Dzina loti haiku adalitchukitsa ndi Masaoka Shiki m'zaka za m'ma 1890.

Kupatula chiwerengero cha maphatikizo, haiku yakale ili ndi zipangizo ziwiri zofunika.

Choyamba ndi kigo, kutanthauza mawu a nyengo. Awa ndi mawu amodzi kapena angapo amene amauza womvera nyengo imene ndakatuloyo yachitikira. Ku Japan kuli nyengo zinayi zosiyana bwino: ya kuphukira kwa zomera, yotentha, ya kuyoyoka kwa masamba ndi yozizira kwambiri imene kumagwa chipale. Nyengo iliyonse ili ndi mawu ake. Mlakatuli akangoti "maluwa" osaonjezera kanthu, aliyense amadziwa kuti akunena maluwa a mtengo wa sakura, ndipo nyengo ndi ya kuphukira. Akangoti "mwezi", nyengo ndi ya kuyoyoka kwa masamba. Nyenje ndi ya nyengo yotentha, monganso kwathu kuno. Mawuwa adasonkhanitsidwa m'mabuku otchedwa saijiki, amene alakatuli amagwiritsa ntchito mpaka lero.

Chachiwiri ndi kireji, kutanthauza mawu odula. Awa ndi timawu monga "ya" ndi "kana" timene timadula ndakatulo pawiri kapena kuipatsa mpumiro. Mbali imodzi imapereka chithunzithunzi china, mbali inayo chinanso, ndipo mlakatuli salongosola mgwirizano wake. Ntchito yolumikiza amasiyira inu owerenga. M'Chichewa tilibe timawu totere, choncho tingagwiritse ntchito zizindikiro za m'kalembedwe monga mpumiro kapena mpatuliro.

Mfundo ya kusakhalitsa kwa zinthu

Chipembedzo cha Chibuda chidafika ku Japan m'zaka za m'ma 500. Chimodzi mwa ziphunzitso zake zikuluzikulu n'chakuti palibe chinthu chokhala mpaka kalekale. Chiphunzitsochi amachitcha mujo. Anthu a ku Japan sadavutike kuchimvetsa chifukwa dziko lawo limagwedezeka ndi zivomezi kawirikawiri, limakanthidwa ndi mphepo zamkuntho, ndipo mizinda yawo yakale, yomangidwa ndi matabwa ndi mapepala, inkapsa mosavuta. M'chaka cha 1212 mlembi wina dzina lake Kamo no Chomei adalemba kabuku kotchedwa Hojoki, momwe adasimba za moto, kamvuluvulu, njala ndi chivomezi zimene zidasakaza mzinda wa Kyoto iye akuona. Apa tikuona kuti maganizowa adalipo zaka mazana ambiri haiku isanatchuke.

Chimene muyenera kuchigwira bwino ndi ichi: kwa alakatuliwa, kusakhalitsa si chinthu chongolira nacho ayi. Ndi chimene chimapatsa chinthu mtengo wake. Maluwa a sakura amakhala pamtengo sabata imodzi kapena awiri, kenaka amayoyoka. Chifukwa cha kufupika kwa nthawiyi, anthu amasiya ntchito n'kukakhala pansi pa mitengoyo kuti awaone; mwambowu umatchedwa hanami. Akadakhala kuti maluwawo amakhala chaka chonse, ndani akadawacheukira? Chisoni chosakanikirana ndi kukoma chimene munthu amamva poona chinthu chokongola chikupita amachitcha mono no aware, mawu amene katswiri wina wa zolembalemba, Motoori Norinaga (1730 mpaka 1801), adawafotokoza mozama.

Matsuo Basho (1644 mpaka 1694)

Basho ndiye amene adakweza hokku kuchoka pa masewera a mawu kufika pa luso lolemekezeka. Adabadwira ku Ueno, m'chigawo cha Iga, ndipo atakula adasamukira ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Dzina loti Basho si lobadwa nalo. Ndi dzina la mtundu wa nthochi imene idabzalidwa pafupi ndi kanyumba kake. Inu mukudziwa zimene mphepo imachita ndi masamba a nthochi: imawang'amba nsanzansanza. Mlakatuliyu adakonda chomerachi chifukwa cha kufooka kwake komweko, mpaka adadzitcha dzina lake. Kumapeto kwa chaka cha 1682 kanyumbako kadapsa pa moto waukulu umene udagwa mu Edo, ndipo zaka zotsatira Basho adazithera kwambiri pa maulendo.

Ulendo wake wotchuka ndi wa mu 1689. Adanyamuka ndi wophunzira wake Kawai Sora kulowera kumpoto kwa dzikolo, ndipo adayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 2,400 m'miyezi ngati isanu, mbali yaikulu wapansi. Zimene adaona adazilemba m'buku lotchedwa Oku no Hosomichi, limene lidasindikizidwa mu 1702, iye atamwalira kale.

Pa ulendowu adafika ku Hiraizumi. Malowa kale adali likulu lolemera la banja lolamulira la Fujiwara wa kumpoto, ndipo ndi kumene msilikali wotchuka Minamoto no Yoshitsune adafera mu 1189, chaka chomwe ulamuliro wa banjalo udagwetsedwa. Basho adafika patapita zaka 500 ndendende. Nyumba zachifumu adapeza palibe. Padali minda ndi thengo. Haiku imene adalemba pamalopo imangoika zinthu ziwiri pafupi: chomera chimene maso ake adaona ndi ankhondo amene maso ake sadawaone. Sadalembe kuti nkhondo ndi yoipa kapena kuti ulemerero umatha. Woiwerenga amafika yekha pa mfundoyo, ndipo chifukwa chakuti wafikapo yekha, saiiwala msanga.

Onaninso kuti pali nthawi za mitundu iwiri zimene zakumana apa. Chilengedwe chimayenda mozungulira: chomera chikauma chaka chino, chaka chamawa chimaphukanso. Koma moyo wa munthu umayenda ulendo umodzi wosabwerera. Haiku zambiri zimapeza mphamvu yake pamene nthawi ziwirizi zagundana.

Kobayashi Issa (1763 mpaka 1828)

Issa adali mwana wa mlimi wa m'mudzi wa Kashiwabara, kudera lamapiri. Mayi ake adamwalira iye ali wamng'ono kwambiri, ndipo sadamvane ndi mayi ake omupeza. Adakwatira mochedwa, atapitirira zaka 50. Ana amene adabereka ndi mkazi wake woyamba onse adamwalira ali makanda, mkaziyo adamwalira mu 1823, ndipo mu 1827 nyumba yake idapsa. Ngakhale zidali choncho, adalemba haiku zoposa 20,000, zambiri mwa izo zonena za tizilombo tonyozeka monga ntchentche, nkhono, utitiri ndi mpheta. Ankatiyankhula ngati anzake, luso limene ife timalitcha umunthu.

Mu 1819 mwana wake wamkazi, Sato, adamwalira ndi nthomba atangopitirira chaka chimodzi. Issa adasimba za imfayi m'buku lake lotchedwa Oraga Haru. Haiku imene adalemba pa malirowo imagwiritsa ntchito mame, chizindikiro chakale cha Chibuda cha moyo wosakhalitsa, pakuti mame amagwa usiku ndipo dzuwa likangotuluka amauma. Monga munthu wopembedza, Issa akuvomereza chiphunzitsocho. Monga bambo wofedwa, mtima wake ukukana kutonthozeka nacho. Ndakatuloyo imathera pamenepo, osagamula mbali imene yapambana. Phunziro kwa inu n'lakuti mfundo imodzi ingathe kukhala ndi kamvekedwe kosiyana. Kwa Basho kamvekedwe ndi kodekha, ka munthu amene waima patali n'kumalingalira. Kwa Issa ndi ka munthu amene chamugwera.

Alakatuli ena

Yosa Buson (1716 mpaka 1784) adali katswiri wojambula zithunzi, ndipo haiku zake zimadziwika ndi mitundu ya zinthu ndi kuwala. Chiyo-ni (1703 mpaka 1775) adali mayi wotchuka pa lusoli ndipo amakumbukiridwa kwambiri ndi duwa lotchedwa asagao, limene limamasula m'mawa n'kufota dzuwa likakwera. Masaoka Shiki (1867 mpaka 1902) adadwala chifuwa chachikulu zaka zambiri ndipo adamwalira ali ndi zaka 34. Iye ankalimbikitsa alakatuli kulemba zimene akuona ndi maso awo, osati kungobwereza zimene akale adalemba.

Tibwerere kunyanja kwathu

Langizo la Shiki likutikhudza. Kwathu kulibe sakura kapena chipale, ndipo wophunzira wa ku Chipoka amene angalembe za chipale akungonama. Koma tili ndi mawu a nyengo athuathu, ngakhale sitidawasonkhanitse m'buku. Taonani ena mwa iwo:

Mwera: mphepo yochokera kummwera imene imaomba m'miyezi yozizira. Imabweretsa maganizo a kuzizira, kusowa kwa ndiwo ndi ngozi za panyanja.

Lupsa ndi chizimalupsa: tchire lopsa la m'chilimwe, ndi mvula yoyamba imene imazimitsa moto wake.

Duwa la mlambe: loyera, lalikulu, limamasula madzulo cha kumayambiriro kwa dzinja, ndipo pofika tsiku lotsatira limakhala litayamba kufota n'kugwa. Mtengo wake umakhala zaka mazanamazana koma duwa lake usiku umodzi. Kodi pali chizindikiro cha kusakhalitsa choposa ichi?

Ngumbi: zimatuluka ndi mvula, zimauluka kanthawi kochepa, kenaka mapiko amathothoka.

Nkhungu: timaoneka ngati utsi wotuluka m'madzi pakati pa nyanja, koma moyo wake wouluka ndi waufupi zedi.

Kutsekedwa ndi kutsegulidwa kwa Mbenji: pachilumbachi, m'dera la Mfumu Makanjira, usodzi umaimitsidwa cha mu Disembala n'kutsegulidwanso cha mu Epulo kuti nsomba ziswane. Munthu wa kuno akamva kuti "Mbenji yatsegulidwa" amadziwa kuti dzinja latha.

Nayo nyanja imene timaiona ngati yosasintha imasintha. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka m'zaka za m'ma 1930 madzi ake adatsika kwambiri kotero kuti adaleka kutuluka bwino kulowa mumtsinje wa Shire. Mu 2024 adakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Salima, Nkhotakota ndi Mangochi. Chambo chimene agogo anu ankachiona chochuluka lero n'chosowa ndiponso chodula. Choncho nkhani ya kusakhalitsa si ya ku Japan kokha. Ili pakhomo panu, ndipo zina zimene mukuona lero adzukulu anu adzangozimva m'ndakatulo, ngati wina azilemba.

Chichewa chilinso ndi mwayi wina. Maphatikizo athu amathera ndi lembo la liwu, monganso ambiri a Chijapanizi, kotero kuwerenga 5, 7, 5 sikuvuta. Vuto n'lakuti mawu athu ndi aatali. Mneni mmodzi monga "tidzakumananso" wadya kale maphatikizo 6. Izi zimakukakamizani kusankha mawu mosamala.

Kusanthula zitsanzo

Zitsanzo zili m'munsizi zapekedwa pofuna kukuthandizani pa phunziro lino. Werengani choyamba:

Zonse zimatha,
tonse tidzamwalira,
chisoni chokha.

Maphatikizo ndi okwana: 5, 7, 5. Mfundo ya kusakhalitsa ilipo. Koma iyi si haiku yabwino. Mulibe mawu a nyengo, mulibe chinthu choti muone, mumve kapena mukhudze. Woyankhula wakuuzani zoti muganize, ndipo inu mwatsala opanda ntchito. Tsopano werengani ichi:

Mvula ya dzulo:
mapiko okhaokha
pansi pa nyale.

Mawu oti "ngumbi" sadatchulidwe, koma mwaziona. Nyengo ndi ya kumayambiriro kwa dzinja. Nthawi ndi m'mawa. Chisangalalo cha usiku chatha. Mdulidwe uli pamapeto pa mzere woyamba: mbali imodzi kuli mvula, imene imabweretsa moyo, mbali ina kuli mapiko opanda eni ake. Nyale imene idakopa ngumbizo ikadalipo, koma zokopekazo palibe. Wina angaone apa unyamata umene umatha msanga. Wina angaone anthu amene amathamangira kuwala kwa m'tauni n'kukathera komweko. Mayankho onsewa ndi ovomerezeka malinga ngati mwawatsamiritsa pa mawu a m'ndakatulo. Nachi chitsanzo chachitatu:

Mwera waleka;
bwato lafika lokha,
nkhafi ilimo.

Mawu a nyengo ndi "mwera". Mzere woyamba ukupereka mpumulo, pakuti mphepo yoopsa yatha. Mzere wachiwiri ukulanda mpumulowo ndi mawu amodzi, "lokha". Mzere wachitatu ukutchula chimene chilipo pofuna kuti muone amene palibe. Mawu oti imfa, maliro kapena kulira sadalembedwe, koma aliyense amene adadikirapo m'bale wake padooko wamva zonse. Onaninso nthawi ziwiri zija: mwera udzabweranso chaka chamawa, koma msodzi sadzabwera.

Haiku ndi mikuluwiko

Makolo athu nawonso ankanena zazikulu ndi mawu ochepa, ndipo ankatola zithunzithunzi m'chilengedwe. Amati "madzi akatayika saoleka", amatinso "ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame". Mikuluwiko iwiriyi ikukhudza kusinthasintha kwa zinthu. Komabe pali kusiyana. Mkuluwiko umalangiza kapena kuchenjeza, ndipo tanthauzo lake lidakhazikika. Mungaugwiritse ntchito pamlandu chaka chilichonse. Haiku silangiza. Imagwira kamphindi kamodzi, pamalo amodzi, m'nyengo imodzi, n'kukusiyirani kuti mulingalire. Mkuluwiko ndi wa mtundu wonse, pamene haiku ndi ya munthu mmodzi amene adaima n'kuyang'anitsitsa.

Zokuthandizani pamayeso

Ophunzira ambiri akafunsidwa mfundo yaikulu ya ndakatulo amangotchula chinthu chimene chaoneka pamwamba. Amalemba kuti "ndakatuloyi ikukamba za ngumbi" n'kulekera pomwepo. Yankho lotere limataya malikisi chifukwa latchula chizindikiro, osati chimene chizindikirocho chikuimira. Mukakumana ndi ndakatulo iliyonse ya Chichewa yotchula zachilengedwe, dzifunseni mafunso anayi awa:

1. Kodi ndi chinthu chiti cha m'chilengedwe chimene chatchulidwa, ndipo chimaoneka nyengo iti?
2. Kodi chinthucho chili ndi khalidwe lotani? Chimakhalitsa, chimafota msanga, kapena chimapita n'kubweranso?
3. Kodi mlakatuli wachiika pafupi ndi chiyani?
4. Kodi woyankhula akumva bwanji: wavomereza, akudandaula, kapena akulimbana nazo mumtima?

Mukayankha mafunsowa, mfundo yaikulu ndi kamvekedwe zimaonekera zokha. Kumbukirani kupereka umboni wochokera m'ndakatulo pa mfundo iliyonse imene mwalemba.

Ntchito

A. Yankhani mafunso awa:

1. Fotokozani kusiyana kwa hokku ndi renga.
2. Kodi kigo n'chiyani? Perekani zitsanzo ziwiri za ku Japan ndi ziwiri za m'dera lanu.
3. N'chifukwa chiyani dzina loti Basho likugwirizana ndi mfundo ya kusakhalitsa kwa zinthu?
4. Siyanitsani kamvekedwe ka Basho ku Hiraizumi ndi ka Issa pa imfa ya mwana wake.
5. Tchulani njira ziwiri zimene haiku imasiyanirana ndi mkuluwiko.

B. Werengani ndakatulo iyi ndipo muyankhe mafunso otsatirawo:

Utsi panyanja
dzulo, lero amayi
asesa nkhungu.

1. Gawani mzere uliwonse m'maphatikizo.
2. Kodi "utsi" ukuimira chiyani?
3. Kodi mdulidwe uli pati, ndipo ukusiyanitsa zinthu ziti?
4. Fotokozani mfundo yaikulu ya ndakatuloyi m'ziganizo zosapitirira zitatu.

C. M'magulu, funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu, makamaka asodzi ndi alimi, mayina a mphepo, mvula, nsomba, mbalame ndi zipatso zimene zimaoneka nyengo iliyonse. Afunseninso zimene ankaona kale koma masiku ano zikusowa. Lembani zonse m'kope limodzi la kalasi, mozigawa m'nyengo za dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe.

D. Sankhani mawu amodzi m'kopemo ndipo mupeke ndakatulo ya maphatikizo 5, 7, 5. Musagwiritse ntchito mawu oti moyo, imfa, chisoni kapena chimwemwe. Mukatha, werengerani mnzanu ndipo mumufunse zimene waona.